Mafuta Amene Sanadonthe Pansi

Radoje anamudula mwendo Lachiwiri, atachita ngozi ya njinga yamoto Lolemba, ndipo pofika Lachitatu m'mawa tauni yathu inali itazenga kale mlandu n'kugamula. Wolakwa anali Milunka, makaniko. Chigamulocho ndinachimva kogula buledi, ndinachimvanso pokwerera basi, ndipo nditafika kupolisi ndinachipeza chili pa tebulo langa, chodindidwa ndi katswiri wa ngozi wochokera mumzinda. Kabokosi ka mafuta a kilatchi kanapezeka kouma. Njinga yamotoyo inali itachoka m'manja mwa Milunka masabata atatu m'mbuyomo. Katswiriyo anangoona zimenezo, n'kukwera galimoto yake kukadya nkhomaliro kwawo.

"A Obrad, fayilo imeneyi Lachisanu ipite kwa oimira boma," anatero bwana wanga. "Mwatsala ndi miyezi isanu kuti mupume. Musadzivute."

Ine ndagwira upolisi zaka makumi atatu ndi chimodzi kumapiri a mapulamu kuno, kumtunda kwa mzinda wa Valjevo. Ndikudziwa amene amamenya mkazi ndi amene amathira madzi mu rakiya yogulitsa, kachasu wathu wa mapulamu. Ndinkadziwanso kuti fayiloyo ikapita, Milunka akasewenza kundende zaka ziwiri kapena zitatu, galaja ya malemu bambo ake n'kutsekedwa. Koma Radoje ndinamunyamula ndine pa ubatizo, ndipo bambo ake, a Desimir, ndi ankhoswe a ukwati wanga. Aliyense ankayembekeza kuti ndisaina ndi manja awiri.

Ndinayamba ndi Stojadin, dalaivala wa lole ya zipika. Ndinamupeza ku malo ochekera matabwa, ndudu ili pakamwa.

"Abwana, ndilumbire pa ana anga, ine ndinali mbali yanga! Mbali yanga, abwana! Mnyamata uja ankatsika chitunda cha kwa a Desimir, zikwama uku ndi uku. Pamphambano paja munthu amaima. Iye osaima. Ndinamuona ndi maso angawa akufinya dzanja lamanzere, kufinya, kufinyanso, injini ikungokoka. Wagwira buleki, tayala laterereka pa timiyala, njinga uko, iye pansi pa lole."

"Lamanzere ndithu?"

"Lamanzere! Ine njinga ndinakwerapo ku usilikali. Kilatchi inamukana mwana uja. Mayo, ndikatseka maso ndikumaona nsapato yake."

Zimenezi zinkangotsimikiza za katswiri uja. Ndinabwerera kupolisi mtima uli pansi, ndipo pa geti ndinapeza Milunka atakhala pa bokosi lake la masipanala.

*

Milunka ndi wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wosakwatiwa, wosaseka pachabe. Amuna a mutauni muno ankapita kwa iye chifukwa kunalibe kwina, ndipo sanamukhululukire kuti ankawakonzera bwino.

"Amalume Obrad, ndiloleni ndiitsegule njinga ija inu mukuona. Mukapeza kuti ndine, ndikadzitsekera ndekha."

"Lamulo silikulola, mwanawe."

"Lamulo linalola munthu wa tayi kuisuzumira mphindi zisanu."

Ndinamutsegulira shedi ya polisi momwe tinasunga njingayo. Njingayo inangokalika mbali imodzi, ina yonse inali bwinobwino, mpaka kukwiyitsa. Milunka anavala magolovesi n'kugwada.

"Mafuta sasowa ngati mzukwa, amalume. Akachoka m'kabokosi, apita kwinakwake. Njira zake ndi zitatu basi." Anafunyulula kalabala ka kuseri kwa chogwirira, n'kupisamo chala. "Apa n'pouma. Kapampu ka pamwamba sikakudontha." Anatsata paipi ndi kansalu koyera kuchokera pa chiwongolero mpaka pa injini, akufinya polumikiza paliponse. Kansalu kanabwerako koyera. "Paipi ilibe mlandu. Mai ake a Radoje anaona dontho pomwe njinga inkagona?"

"Sindinawafunse."

"Sanalione. Gwirani apa, muiimike chilili."

Ndinaigwira. Anandionetsa kagalasi koonera oyilo wa injini. Oyilo anali atapitirira mzere wa pamwamba.

"Ndinasiya ali pakati penipeni. Injini siibereka oyilo. Yamwa mafuta a kilatchi kudzera pa kapampu ka pansi. N'chifukwa chake pansi sipanadonthe kanthu."

"Ndiye wadzimanga wekha," ndinatero. "Kalabala ka m'menemo unaika ndiwe."

Anamasula mabawuti atatu, n'kusolola kapisitoni. Kalabala kake kanali katatupa mpaka kutuluka mumsewu wake, kofewa ngati ufa wokanda. Anakaika m'dzanja langa, kenako anatulutsa katsopano m'thumba n'kukaika pambali pake. Kakalewo kanali kakakulu moonekeratu.

"Njinga iyi kilatchi yake imafuna mafuta ake ofiira, a mtundu wa oyilo. Ukathiramo mafuta a mabuleki, labala amatupa, masiku angapo n'kusiya kugwira. Ndipatseni madzi."

Ndinabweretsa matambula awiri. M'limodzi anadonthezamo mafuta ofiira a m'botolo lake, ndipo anayandama pamwamba. M'linalo anauziramo zotsala za m'paipi ya njinga. Zinali zachikasu, ndipo zinasungunuka m'madzi n'kuwachititsa mbuu.

"Amenewo si mafuta anga."

"Woimira boma adzati unasokoneza mabotolo."

"Yang'anani pa chivindikiro."

Pa masikuluwu awiri a kabokosi panali timadontho ta utoto wopaka zikhadabo, wapinki. Tonse tinali tosweka pakati, ndipo ndinakumbukira kuti tinali kale choncho katswiri uja asanatsegule.

"Ndimapaka pa chilichonse chimene ndamanga. Anthu amandiseka, amati ndi kumene utoto wanga umathera. Wina anatsegula pambuyo panga. Ndipo onani bwino, amalume. Mitu ya masikuluwu sinadyeke. Mafuta a mabuleki amadya penti, koma pa thanki palibe chithuza ngakhale chimodzi, ndiye kuti anayala nsalu. Anayamba wapopa anga ofiira, kenako n'kuthira ake. Si mlendo pa ntchito ameneyu."

"Radoje mwini wake?"

"Radoje sadziwa kumene sipanala imatembenukira." Anavula magolovesi, osandiyang'ana. "Odziwa zimenezi mutauni muno tilipo atatu. Wina ndi ine. Wina ndi bambo anga, ali kumanda."

Wachitatu sanamutchule, ndipo ine sindinafunse. A Desimir anagwira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ku galaja ya mabasi.

*

Pabwalo pa a Desimir pankanunkha mapulamu owira m'migolo, mavu ali ng'waa. A Grozdana, mai a Radoje, anandikhazika pakhonde n'kundipatsa supuni ya jamu ndi madzi ozizira, maso ali otupa.

"Ankhoswe, mwana wanga, mwana wanga mmodzi yekhayo! Ndinamuuza ine, usapereke njinga kwa mkazi amene sadziwa n'kuphika nyemba komwe. Koma ana a masiku ano amamva? Ntchito ku Jeremani, ntchito ku Jeremani, ngati kuno kulibe ntchito. Mitengo mazana anayi yaweramira pansi, bambo ake msana watha."

"Ananyamuka bwanji Lolemba lija?"

"Bwinobwino. Ndinamupsompsona katatu, ndinamuthirira madzi kumbuyo kuti ulendo uyende ngati madzi. Ndowa yathunthu, ankhoswe! Yathandiza chiyani?"

"A Desimir anali pomwepo?"

"Iwo aja? Anakakhala kumunda. Chiyambire Julaye sankayankhulana. Ndinawaitana, bwerani mudzatsanzike mwana, iwo akuti abwerera yekha ameneyo."

"Anatero?"

"Ndi mmene amayankhulira, mukuwadziwa."

"Njinga inkagona kuti?"

"M'shedi umo, pamodzi ndi zida zawo."

"Munaonapo mafuta atadontha pansi pake?"

"Ayi, ndimasesamo ine. Nyumba ino yangosokonekera, ankhoswe, chilichonse chili posayenera. Dzulo nkhumba yadwala, ndikufuna jakisoni wamkulu uja, ndakamupeza kuseri kwa mgolo ali mafuta okhaokha, ofiira ngati..."

Anaima pomwepo. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, ndipo ndinadana nayo ntchito yanga kuposa tsiku lina lililonse. Anayang'ana ku shedi, anayang'ana kumunda, kenako anatenga tambula langa madzi asanathe.

"Ndinamutaya," anatero. "Ndinamutaya m'chimbudzi. Ine ndine nkhalamba, ndimangobwebweta."

*

A Desimir ndinawapeza pansi pa mtengo, akugwedeza nthambi ndi ndodo yaitali. Sanasiye nditafika.

"Mwabwera ngati ankhoswe kapena ngati boma?"

"Chipewa ndasiya m'galimoto."

"Ndiye tolani. Manja akusowa."

Ndinatola mapulamu angapo n'kuponya m'kreti. "Njinga ya mwana munaigwirapo?"

"Sindigwira zidole."

"Lachinayi, Lachisanu, munali kuti?"

"Muno. Funsani mitengo."

"Katswiri akuti Milunka anamanga molakwika."

"Nanga n'zodabwitsa? Bambo ake anali mmisiri. Iye ndi wongoonera. Kilatchi ya njinga yolemera choncho n'kuthiramo timadzi tofiira ngati juwisi wa ana."

"Mwadziwa bwanji kuti n'tofiira, ankhoswe?"

Ndodo inaima m'mwamba.

"Kabokosi kaja n'kachitsulo, kalibe galasi," ndinatero. "Radoje sanayankhule nanu chiyambire Julaye. Ku galaja ya Milunka simunapondeko chimwalirire bambo ake. Mtundu wa mafuta munauona kuti?"

Anatsitsa ndodo, anaitsamiritsa pa mtengo, n'kukhala pa kreti. Mapulamu ankagwa okha.

"Inayenera kufera pa geti," anatero. "Ndinawerengera. Ndinathira Lachinayi. Masiku atatu labala watha, Lolemba akafinya apeza palibe kanthu, njinga siichoka pabwalo. Kuitanitsa labala wina masiku khumi. Ntchito ya ku Jeremani apatsa wina, ife takolola, nyengo yozizira yafika, mtima wake wakhala pansi. Ndani akanavulala?"

"Koma inachoka pabwalo."

"Labala wa mtsikana uja analimba kuposa mmene ndinaganizira. Akanaika wotchipa ngati amene aliyense amaika, bwenzi mwana wanga ali ndi miyendo iwiri."

Ha! Ndamva zambiri pa ntchito iyi, koma zotere ndinali ndisanamvepo. Munthu ankadandaula kuti mwana wa mnzake anagwira ntchito bwino.

"Ndiye Milunka akalowe m'ndende?"

"Alibe mwamuna, alibe mwana. Adzatuluka akadali ndi mphamvu. Ine ndikalowa, Grozdana atsala ndi wolumala ndi mitengo mazana anayi. Werengerani nokha." Anandiyang'ana m'maso koyamba. "Ndinakugwirirani kandulo pa ukwati wanu, a Obrad. Mwana uja munamutcha dzina ndinu. Mukandimanga, mutauni muno palibe adzakupatseni moni mpaka kufa."

Sankanama. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo iwo ankadziwa bwino pomwe akhala. Ndinachoka osatsanzika, manja akumata ndi madzi a mapulamu.

*

Lachinayi m'mawa Milunka anabweranso ku shedi ya polisi, ndisanamuitane. Anati akufuna woimira boma adzaone kuti ntchito yake imagwira. Anachotsa paipi n'kuitsuka, anasintha malabala onse, apansi ndi apamwamba, popeza onse anali atalawa poizoni. Anakhetsa oyilo wa injini n'kuthira watsopano. Kenako anadzaza jakisoni wake ndi mafuta ofiira, n'kuwakankha kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ine nditaima pa kabokosi kumuuza za thovu.

"Likutulukabe?"

"Ting'onoting'ono."

"Tidikire. Mpweya ukatsalamo, chogwirira chimafewa."

Thovu litatha anatseka, anafinya kangapo, n'kumanga chogwiriracho ndi chingwe kuti chikhale chofinyika. Tinadikira maola atatu. Mafuta sanatsike ngakhale pang'ono. Anamanga chivindikiro, anatulutsa kabotolo ka utoto wapinki, n'kudontheza pa masikuluwu.

"Munapita kumtunda dzulo," anatero.

"Ndinapita."

"Ndiye?"

"Umboni ulibe. Jakisoni anataya. Zimene anandiuza anandiuza pansi pa mtengo, popanda mboni."

"Ndiye ndikalowa."

"Sindinatero."

"Simunanenenso china, amalume."

Anali ndi mantha, koma anatseka bokosi lake osandipempha kanthu. Zikanakhala bwino akanalira, bwenzi ndikumuuza mawu opanda pake n'kudzimva kuti ndathandiza. Ndinakwera galimoto kupita kuchipatala cha mumzinda.

*

Radoje anali atagona chagada, bulangete litaphwa mbali imodzi kuyambira pa bondo. Mnyamata amene ankanyamula migolo yekha anali atatuwa ngati phulusa.

"Ankhoswe, mwabwera kudzatenga sitetimenti?"

"Ngati ungathe."

"Mai anali pano m'mawa. Sanatchule Milunka ngakhale kamodzi. Dzulo ankamutukwana mpaka anesi kuwatulutsa." Anayang'ana kudenga. "Ndi bambo eti?"

Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi lake.

"Ndinadziwa pa geti pomwe. Nditafinya, chogwirira chinali chofewa. Milunka anandipatsa cholimba. Ndinayang'ana kumunda, ndinawaona ataima pakati pa mitengo, akundidikira kuti nditsike ndikawapemphe. Ndinati ayi. Kwa Milunka ndi makilomita awiri okha, ndifika. Ndinalowetsa giya mokakamiza n'kunyamuka."

"Ukanena zimenezo pa pepala, Milunka wapulumuka. Bambo ako akalowa."

"Ndikapanda kunena?"

"Alowa ndi Milunka."

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti mankhwala amugoneka, koma anayankhula bwinobwino.

"Lembani kuti ndinathira ndekha. Ndinaona ngati mafuta achepa, ndinatenga botolo la mabuleki m'shedi, sindinkadziwa kusiyana kwake."

"Limenelo ndi bodza, Radoje."

"Ndi loyamba kulemba inu?"

Silinali loyamba, ndipo iye ankadziwa, chifukwa lina ndinamulembera yekha ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

"Ukuwakhululukira?"

"Kukhululuka?" Anaseka, kuseka koipa. "Kundende akapuma, ankhoswe. Akadya katatu, osandiona. Ayi. Ankafuna ndikhale, ndikhala. Ndidzakhala pakhonde paja m'mawa uliwonse, pomwe amadutsa popita kumunda, mwendo uli poyera. Sindidzawayankhula. Angondiona basi mpaka mmodzi wa ife adzafe."

Ndinalemba mmene ananenera, ndipo anasaina.

*

Lachisanu fayilo sinapite kwa oimira boma. Bwana wanga anawerenga sitetimenti, anapukusa mutu, anati ana a masiku ano, n'kudinda. Ndinapita ndi pepalalo ku galaja. Munalibe njinga ya kasitomala ngakhale imodzi, ndipo pa chitseko wina anali atalavulirapo.

Milunka anawerenga kawiri.

"Radoje kupopa mafuta ndi jakisoni? Kuyala nsalu pa thanki?"

"Wamasuka, mwanawe. Tenga zimenezo."

"Ndamasuka." Anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba. "Anthu akuti chiyani?"

Ndikanamunamiza, koma mabodza a sabata imeneyo anali atandikwana. "Akuti Radoje ndi mwana wabwino, wadzipachika mlandu pofuna kukupulumutsa. Ena akuti munali pa chibwenzi."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu chimene ankaudziwa kale.

"Njinga ibwere kuno, amalume. Ndiyo yokha ndakonza sabata ino. Ndipo mukawauze ankhoswe anu kuti kilatchi yachira. Adzaitenge okha, masana, m'manja mwanga. Akatuma munthu sindipereka."

A Desimir anabwera Loweruka, tsiku la msika, atavala jekete la kutchalitchi. Ine ndinaima tsidya la msewu. Milunka anaitulutsa njingayo, anaimika patsogolo pawo, n'kuwauza kuti afinye. Anafinya. Anawauza kuti afinyenso, ndipo anafinyanso, maso ali pansi.

"Yalimba?"

"Yalimba."

"Muziithira ofiira, a Desimir."

Njinga sadziwa kukwera, choncho anaigwira pa chiwongolero n'kuyamba kuikankha kudutsa pakati pa msika, kulunjika chitunda cha kwawo. Anthu anapatuka. Amuna anavula zipewa, amai ogulitsa tsabola anapukuta misozi, wina anathamanga kukawathandiza kukankha. Bambo wachisoni, ankatero, taonani mmene wakalambira sabata imodzi. Wogulitsa nyama, amene njinga yake Milunka wakhala akuikonza zaka zisanu ndi zitatu, anadutsa pa khomo la galaja n'kutembenuzira nkhope kumbali.

Milunka anaima pakhomopo mpaka a Desimir anakhota. Kenako anandiyang'ana tsidya la msewu, nthawi yaitali ndithu, ndipo chipewa changa ndinachipeza chili m'manja, sindikudziwa kuti ndinavulira ndani. Analowa m'kati n'kutsitsa chitseko, dzuwa lili pamutu.